Maso Ovina ndi Mutu wa Mbuzi

Zotsatira za mayeso zitatuluka, mtsikana wina anapezeka kuti walepheranso. Anzake ankamutcha Chammbali, chifukwa akafuna kukuyang'ana ankapendeketsa mutu ngati nkhuku yoona kabawi. Chibadwire maso ake sankakhazikika, ankangogwedezeka uku ndi uku ngati akuvina.

Aphunzitsi ankati ndi mwano. "Wongola mutu, iwe!" Akawongola, zilembo za pa bolodi zinkayamba kuthamanga. Azakhali ake ankanong'ona kuti alipo anachimwa m'banjamo. Bambo ake, ogulitsa nyama, anangoti, "Sukulu yakukana, mwanawe. Bwera uzinditsukira mipeni."

Anabweradi, mtima uli zii.

Tsiku lina bambo akuswa mutu wa mbuzi, iye anasendeza nkhope pafupi. Kuseri kwa diso anaona timinofu topyapyala ngati tizingwe, ndi mtsempha woyera wolowera ku ubongo.

"Bambo, tizingweti amakoka ndani?"

"Funsa mwini wake," anatero bambo, akuloza mbuziyo ndi chikwanje. "Ine ndimangogulitsa."

Anayamba kuonerera mbuzi zamoyo zimene zinkamangidwa kuseri kwa shopu. Mbuzi ikawerama kudya, diso lake linkatembenuka lokha, kamzere kakuda ka m'katimo n'kukhalabe chopingasa. Anazizwa. Ngati Mlengi anasamala chonchi diso la mbuzi, kodi lake n'kuliiwala?

Funsolo linamusowetsa mtendere mpaka anapita ku chipatala cha maso, mutu wa mbuzi uli m'jumbo. Adokotala, mayi wachikulire, anaseka mpaka misozi. "Wodwala ndi uti, iwe kapena mnzakoyu?"

Koma anamukhazika pansi. "Diso silidziyendetsa lokha, mwanangu. M'kati mwa khutu muli kachiwalo kodziwa mutu ukapendeka, ndipo kamatumiza uthenga kutsinde la ubongo. Kumeneko mitsempha imapatsirana timankhwala ta m'thupi, tina toti 'koka', tina toti 'leka'. Kwa iwe okoka ndi oleka samvana bwinobwino. Tatsatira chala changachi."

Chala chinayenda pang'onopang'ono kumka kumbali. Chitafika pena pake, maso aja anadekha.

"Waona? Apa ndi pamene maso ako amapumira. Unapapeza wekha uli khanda, n'chifukwa chake umapendeketsa mutu."

"Ndiye si mwano?"

"Ayi. Ndi mmene iweyo umaonera bwino."

Mankhwala othetseratu kuvinako panalibe, ndipo adokotala sanamunamize. Koma iye anatuluka akuimba nyimbo yoyamika, n'kuiwala jumbo yake pa benchi.

Atanena kuti akubwerera ku sukulu, bambo anadandaula. "Nanga ukalepheranso?"

"Mipeni sithawa, bambo."

Anakakhala kutsogolo, pakati pa ana a msinkhu wa ang'ono ake. Ankamuseka. Ankawerenga mochedwa, chala chili pa mzere, khosi likuwawa. Mphunzitsi watsopano atati awongole mutu, anayankha mwaulemu, "Pepani aphunzitsi, ndikawongola sindikuonani." Chaka chimenecho anakhoza, ndipo sanabwererenso m'mbuyo.

Lero amaphunzitsa achinyamata ofuna ntchito ya maso mmene ubongo umayendetsera diso. Mitu ya mbuzi yophunzitsira imachokera kwa bambo ake, amene amauza aliyense, "Kasitomala wanga uyu ndi yekhayo amene sadya nyama yake." Kholo likabwera ndi mwana wopendeketsa mutu, iye amapendeketsa wake n'kunena, "Musamuwongole, mayi. Tiyeni tione kaye chimene wapeza."

Okondedwa, m'Malemba timawerenga kuti Ambuye atakumana ndi munthu wobadwa wosaona, ophunzira awo anafuna kudziwa wochimwa, koma Ambuye anaona ntchito ya Mulungu yoti ionekere. Mwina chimene anthu akukukalipirani ndicho njira imene Mulungu anakupatsani yoonera. Funsani, funsaninso, ngakhale kwa mbuzi. Osataya mtima: amene anaumba diso sanakuiwaleni.