Buluku la Achimwene

Ndinafika ku Nairobi ndili ndi zaka makumi awiri, ndisanavalepo buluku chibadwire. Kwathu lamulo loletsa akazi kuvala mabuluku linali litangochotsedwa kumene, koma m'nyumba ya achimwene anga ku Kilimani linali likadali moyo. Iwo ndiwo ananditenga kuti ndidzaphunzire ku koleji, ndipo tsiku lomwe ndinafika anandichenjeza kamodzi kokha: "Ukangoyamba zachitauni, ndikukweza basi ubwerere kwa amayi." Sankaseka.

Ndiye ine, mwana womvera, chaka chisanathe ndinalowa gulu la zisudzo, kunyumba n'kumanena kuti ndili ku kwaya.

Tinkakonzekera sewero lina lakale la Angerezi, loseketsa. M'seweromo mtsikana amakana mwamuna amene bambo ake amusankhira, n'kuthawa, kenako amabwerera atavala ngati mnyamata n'kuyamba kuwazunguza bambo akewo m'nyumba mwawo momwe, iwo osamuzindikira. Mbali imeneyo anandipatsa ine chifukwa ndinali wamtali, basi. Koma ine ndinkayesa aona moto mwa ine. Ndinayamba kudziona ngati ndine wodzamasula akazi onse a ku Malawi. Mu matatu, minibasi za kumeneko, ndinkaloweza Chingerezi chakalekale chimene theka lake sindinkalimva, kwinaku ndikuyang'ana abambo okhala nawo pafupi ndi diso lonyoza, anthu osalakwa ongopita kuntchito kwawo.

Vuto linali maondo anga. Panali pena pamene mnyamata wabodzayo ankayenera kutsomphola kalata m'manja mwa bamboyo ndi dzanja limodzi. Wosewera ngati bambo anali mkulu wa imvi zenizeni, mphunzitsi wopuma ntchito. Akangonditambasulira kalatayo, maondo anga ankapinda okha, dzanja lamanzere n'kuthamangira kukachirikiza lamanja. Mayi wotiphunzitsa, Mkenya wa mawu aakulu, ankakuwa kuti, "Simama, wewe!" kundiuza kuti ndiime chilili. Anzanga ankaloweza mawu, ine ndinatha milungu itatu ndikuphunzira mwano.

Zovala aliyense ankapeza yekha, ndipo buluku ndinalibe. Ndinaulula kwa alamu anga, akazi a achimwenewo, tsiku lina tikuchapa. Alamuwo ndinkawaona ngati munthu wogona. Ankagwada pothirira amuna awo madzi osamba m'manja, ndipo mawu awo sankadutsa chitseko. Ndinkawamvera chisoni, moti tsikulo ndinawalalikira za mtsikana wa m'sewero langa, kuti akazi enieni amatero. Anamvetsera uku akufinya malaya. M'mawa mwake ndinapeza buluku lakuda pabedi panga, m'chiuno atachepetsa bwinobwino ndi ulusi. Sindinafunse kumene linachokera.

Sewero linali Loweruka masana, mu holo ya tchalitchi china ku Westlands. Ndinalowa pasiteji ndi chipewa cha nthenga, lupanga m'chiuno, anthu n'kuwomba m'manja. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Pocheuka, pamzere wachiwiri panali achimwene atapinda manja, alamu ali pambali pawo. Ndinamva pambuyo pake kuti anaitanidwa ndi mnzawo wa kuofesi, amene mwana wake analinso m'seweromo.

Ndinachita mantha osati masewera. M'maso mwanga munabwera basi, ndi amayi akundilandira ndili ndi chikwama koma wopanda satifiketi. Mawu ankangotuluka okha mwachizolowezi, koma itakwana nthawi ya kalata thupi linakumbuka kwawo. Ulendo uno sindinangopinda maondo. Ndinagwada pansi penipeni, lupanga n'kugunda thabwa, n'kulandira kalata ndi manja awiri. Ndinawonjezeranso kuti, "Zikomo bambo," m'Chichewa. Holo yonse inafa ndi kuseka, poganiza kuti mnyamatayo akuinyodola nkhalambayo dala. Amene ankadziwa kuti ndikupepesa anali anthu awiri okha.

Pobwerera, tikuyandikira kunyumba, magalimoto anathithikana. Achimwene anandiyang'ana pagalasi.

"Kwaya yake ndi imeneyi?"

Ine, amene masana omwewo ndinkazazira bambo pamaso pa anthu, ndinangoyang'ana nsapato zanga.

"Nanga buluku lija ndi la ndani? Ndimakhala ngati ndikulidziwa."

"Ndi lanu," anayankha alamu, mawu awo aang'ono omwe aja. "La suti ya ukwati ija. Linasiya kukukwanani kalekale. Ndinamupatsa ndine, kusoka ndinasokanso ndine."

"Ndiye inu mukuona kuti zili bwino? Ameneyu Monday akupita kwawo."

"Chabwino, bambo. Koma matikiti mugule awiri. Ndimuperekeza, ndikawafotokozere amayi ndekha kuti mwana wawo wasiya sukulu chifukwa cha buluku lanu losakukwanani. Zoti ndibwerera liti, tikaona konko."

Wakumbuyo analiza hutala, achimwene n'kuyendetsa galimoto. Nkhani ya basi sinamvekenso m'nyumba muja. Lolemba ndinapita ku koleji, ndipo ndinamaliza.

Madzulo a Lowerukalo alamu anagwada monga mwa masiku onse, n'kuwathirira amuna awo madzi m'manja. Ine ndinaima pakhomo la khitchini, manyazi atandigwira ndikakumbuka ulaliki wanga wa pochapa uja. Akudutsa ndi beseni anaima pang'ono, n'kundinong'oneza.

"Ulichape, ulisite, ndi lako tsopano. Koma ukavala buluku usamagwade, mlamu. Litha m'maondo."