Mchere wa Achipande

Mayi amene amaphika pasukulu pathu ana amawatchula kuti Achipande, chifukwa chipande sichichoka m'manja mwawo. Ndi aafupi, a mawu aakulu, ndipo sakhulupirira sikelo kapena kapu yoyezera. Amakhulupirira lilime lawo. Amadontheza msuzi pachikhatho, kunyambita, kuyang'ana kudenga, kenako n'kugamula.

M'khitchini momwemo mumagwiranso ntchito alamu awo, akazi a achimwene awo, otsuka mapoto. Awiriwa anasiya kuyankhulana kalekale, alamuwo atanena pagulu kuti msuzi wa Achipande unalibe mchere. Chiyambire tsiku limenelo ankatumizirana mawu kudzera m'ziwiya.

"Poto iwe, uwauze anthu ena kuti ukufunika kukwecha," ankatero Achipande.

"Siponji iwe, uwayankhe kuti manja ndi awiri okha," ankabweza alamuwo.

Chaka chatha mpingo wawo unasankha anthu oti akalalikire kudera lakutali, ndipo Achipande anali m'gulumo. Anasangalala ngati mwana. Basi ankangoikwerera maliro, anali asanaikwerepo chifukwa cha uthenga wabwino. Abusa anati onse opita akonze mitima yawo posala kudya sabata yonse, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Wolephera anene yekha, asiyire mnzake mpando.

Lolemba nyemba zitapsa, dzanja linachita zomwe linazolowera. Msuzi unali kale pachikhatho, lilime lili panjira, Achipande akudzidzimuka.

"Satana, lero wadzera m'nyemba?"

Anapukutira dzanjalo pa epuloni n'kuthira mchere mongoganizira. Masana amenewo ana anaima pamzere wautali pampopi kuposa pakhitchini. Mawa lake, poopa kulakwitsanso, anangowaza pang'ono, ndipo mbale zinabwerera ndi nyemba zake.

Aphunzitsi aakulu analowa m'khitchini chipewa chili m'manja.

"Mayi, kumwamba tonse tikufunako, koma ana asatsogole. Kadontho kamodzi si kudya ayi. Ingolawani."

"Aphunzitsi, Hava nayenso anangolawa."

"Ndiye pezani wina wokulawirani. Apo ayi, mawa mulawe nokha."

Achipande anasowa mtengo wogwira. Nthawi yothira mchere aphunzitsi onse amakhala ali m'kalasi, ndipo m'khitchini mumatsala anthu awiri okha. Akalawa okha, mpando wa m'basi wapita, pakuti kunamiza abusa sakanatha.

Lachitatu anatakasa nyemba nthawi yaitali kuposa masiku onse. Anatsokomola. Anayang'ana poto, koma poto sangalawe.

"Alamu."

Kusinki madzi anasiya kukhuthuka.

"Mukuitana ine kapena chiwiya?"

"Inuyo. Tandilawirani."

Alamuwo anapukuta m'manja mosafulumira, chala chimodzichimodzi. Analandira chipande, kulawa, kuyang'ana kudenga. Analawanso. Anatapa nyemba zingapo n'kumatafuna pang'onopang'ono pamaso pa munthu wanjala.

"Mukulawa kapena mukudya?"

"Mulibe mchere."

Yankho linafika pakhosi, lakuthwa bwino, koma Achipande analimeza, ndipo ndicho chokha chimene anameza tsiku limenelo dzuwa lisanalowe.

"Ndithire wochuluka bwanji?"

"Kadzanja kamodzi. Komatu tsiku lija nalonso munalibe."

"Alamu, ndikusala kudya, kuyankhula sindikusala."

Alamuwo anaseka mpaka kugwira khoma, ndipo Achipande, atalimbalimba, anaseka nawo. Masiku otsalawo ana anadya mpaka kunyambita mbale.

Loweruka Achipande anakwera basi osalawa kanthu masana sabata yonse, nakhala pawindo, Baibulo pamiyendo. Anzawo anayamba nyimbo, koma iwo anatulutsa mutu kunja n'kumafuulira alamu awo, amene anatsala ndi khitchini.

"Poto wamkulu uja amapsereza kumanzere! Muzitakasa!"

"Kalalikireni uko," anayankha alamuwo. "Mukabwerako mudzapeza ana atanenepa."