Wa Mwendo Umodzi Amene Anajambula Pansi pa Nyanja

Inu amene mukuona ngati zanu zonse zathera pomwepa, tamvani za Nason Mbewe.

M'chaka cha 1973, Nason anatsitsimuka ali m'chipatala mu Bulawayo, phazi lakumanzere likumuyabwa. Anatambasula dzanja kuti akande, koma anangogwira bulangete. Atavundukula anapeza kuti mwendowo wathera pabondo.

Sanalire. Anangoti kukamwa yasa, maso ali pa mabandeji.

"Bambo a Ethel," anatero mkazi wake Jenifer, "basi yanu ija inaponda bomba. Amene munakhala nawo pampando taika dzana."

Nason anali mwana wa anthu ochokera ku Katete, ndipo ankakhala ku Magwegwe, imodzi mwa malokishi a anthu akuda mu Bulawayo. Ntchito yake inali yojambula zithunzi. Ankazungulira malokishi panjinga, kamera ili m'khosi, kujambula maukwati ndi makanda. Tsiku langozilo ankapita kukajambula ukwati kumudzi wina wakumpoto, kumene nkhondo inali itayamba kuvuta. Kamera inapulumuka chifukwa anaikulunga m'thaulo. Mwendo ndiwo unatsala pamsewu.

Atatuluka m'chipatala anadzitsekera m'nyumba. Njinga inachita dzimbiri kuseri kwa chitseko. Mwendo wamtengo umene anamupatsa unkamutupitsa, ndipo ankauponya pansi pa bedi.

Amene anamutulutsa ndi che Said, Msilamu wochokera ku Mangochi, amene anali ndi situdiyo mtauni.

"Wotsuka mafilimu amagwira ntchito atakhala pansi," anatero che Said. "Mawa ndikuone."

Tsiku lina mzungu wina anabweretsa filimu. Nason ataitsuka, mtima unangoti myuu! Zithunzi zonse zinali zobiriwira, zodzaza ndi zinthu zofiirira ngati maluwa omera pamwala, komanso tinsomba tachikasu tamizeremizere. Anaganiza kuti wasokoneza mankhwala, ndipo ntchito yamuthera.

"Pepani bwana, ndaononga filimu yanu."

Mzunguyo anaseka. "Sunaononge. Pansi pa nyanja yamchere, ku Mozambique, pamaoneka chonchi."

Nason anayang'ananso zithunzizo. Iye ankadziwa madzi amatope a m'madamu basi. Kuti pansi pa madzi pali munda wotere, ndipo munthu angalowemo ndi kamera, sanalotepo.

"Nanga ine ndingakafikeko?" anafunsa.

Mzunguyo anayang'ana nkhope yake, kenako ndodo zake zoyendera. "Kalabu yathu silandira anthu akuda. Ndipo iwe, ndi mwendo umenewo?"

Nason sankadziwa n'kusambira komwe. Loweruka lotsatira anapita kudziwe losambiramo la kulokishi, n'kuvula mwendo wamtengo anthu akuona. Amayi ena anatseka ana awo m'maso. Atalowa m'madzi, mwendo umodziwo unkangomuzunguliritsa malo amodzi ngati nkhuku yodulidwa mutu. Anamwa madzi, anasanza, anthu anaseka. Sabata yotsatira anabweranso. Pofika nyengo yamvula ankawoloka dziwelo osapumira.

Chinatsala ndi chotetezera kamera. Za m'sitolo kunalibe, poti katundu wakunja ankasowa m'dzikomo. Nason anatenga poto wolimba wotseka ndi labala, n'kumuboola, n'kumata galasi pabowolo. Waya wa mabuleki a njinga yake ija ndiye anakhala chodinira. Anaika kamera m'katimo n'kumiza potoyo mumgolo wa madzi.

Thovu linatumphuka.

Potsegula, kamera imene inapulumuka bomba inali itamira. Jenifer anagwira pakamwa.

"Maye! Bambo a Ethel, mwapenga kodi? Chinthu chokhacho chimene chinatsala!"

Nason sanadye tsikulo. M'mawa mwake anakauza che Said zonse. Mkuluyo anapukusa mutu nthawi yaitali, kenako anatsitsa kamera yakale pashelefu.

"Uziyamba wayesa ndi nyuzipepala m'katimo. Ikatuluka youma, ndiye uike iyi. Ndipo ku Vilankulo, ku Mozambique, kuli mlamu wanga Hamidi. Amagwira ntchito m'boti la alendo olowa pansi pa nyanja. Ukamuuze kuti ndakutuma ndine."

Nyuzipepala zinanyowa zambirimbiri. Kenako ina inatuluka youma.

Mu 1975, malire asanatsekedwe, Nason anakwera sitima, kenako lole, mpaka kunyanja. Hamidi atamuona akutsika ndi ndodo komanso poto, anagwira m'chiuno.

"Achimwene, mwabwera kudzaphika?"

Komabe anamuphunzitsa. Alendo anali atathawa chifukwa cha nkhondo, ndiye masilinda a mpweya ankangokhala. Anamuonetsa kupumira papaipi, kuchotsa madzi m'magalasi a kumaso, ndi kukwera pang'onopang'ono potuluka. Anayambira m'madzi olekeza m'chifuwa, mpaka tsiku limene Hamidi anati, "Lero tikupita kwakuya."

Atamira, Nason anaiwala kuti ali ndi kamera. Miyala yamaluwa ija inali pomwepo, yamoyo, ikugwedezeka. Kamba wamkulu ngati chitseko anamudutsa mosatekeseka. Nsomba zinkamuzungulira ngati mvula yamitundumitundu. Ndipo anazindikira chinthu chimene chinamuliza m'magalasi momwemo: kumeneko sankatsimphina.

Mwadzidzidzi kuwala kunazima. Atayang'ana kumwamba anaona chinsomba chamawangamawanga, chachitali ngati basi, chikubwera kukamwa kuli pululu. Thupi lonse linauma. M'makutu mwake munamveka kuphulika kwa bomba lija, ndipo anafuna kuthawira pamwamba, chinthu chimene chikanamuphulitsa mapapo. Hamidi anamugwira phewa mwamphamvu, n'kuloza poto uja.

Nason anakweza potoyo n'kudina.

Ali m'boti, Hamidi anamuuza kuti chinsombacho sichidya anthu. Nason anangogona chagada, akuseka ndi kulira nthawi imodzi. Masiku otsatira analowanso pansi, n'kujambula kamba uja ndi miyala ija.

Pobwerera, atangolowa m'dziko, asilikali anaimitsa basi imene anakwera. Anthu ankanong'onezana kuti wopezeka ndi kamera amamutenga ngati kazitape. Nason anali ndi mafilimu anayi. Imodzi anailowetsa msangamsanga m'mphako ya mwendo wamtengo. Zotsalazo sanathe kubisa.

"Kuyini lokhu?" anakalipa msilikali pofunsa kuti chinali chiyani, atagwira poto wagalasi uja.

"Ndimajambulira nsomba, bwana."

Msilikaliyo sanakhulupirire. Anasolola mafilimu atatu aja padzuwa, imodziimodzi, Nason akuona. Kamba uja, miyala yamaluwa ija, zonse zinafufutika pamaso pake. Poto anamuponda ndi jombo mpaka galasi linasweka.

Nason anafika ku Bulawayo osadziwa kuti filimu yopulumukayo inali iti. Anaitsuka che Said ataima pambali pake. Zithunzi zoyamba zinali mdima wokhawokha. Zina zinali mchenga. Kenako papepala panayamba kutuluka mawanga, kenako diso, kenako chinsomba chonse, kuwala kwa dzuwa kukutsikira pamsana pake.

Che Said anakhala pansi. "Subhanallah," ananong'ona potamanda Mulungu.

Chithunzicho anachikulitsa n'kuchipachika pawindo la situdiyo. Anthu anadzaza mpaka mumsewu. Ena ankati n'chojambula pamanja, ena ankati ndi matsenga. Jenifer anadutsa pakati pawo atagwira mwana wawo Ethel padzanja, anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenuka n'kukweza mawu.

"Anajambula ndi amuna anga! Analowa okha pansi pa nyanja!"

Aphunzitsi anayamba kumuitana kuti akaonetse ana asukulu. Nkhondo itatha anabwerera kunyanjako kambirimbiri, ndipo kenako anatsegula situdiyo yake ku Magwegwe. Ena mwa amene anawaphunzitsa kusambira anali anyamata obwera kunkhondo opanda manja kapena miyendo.

Mwina nanunso pali chimene munataya, ndipo sichidzabweranso. Lirani, palibe cholakwa. Koma mukatha kulira, tulukani m'nyumbamo ndi zimene zatsalazo. Akakusekani, mubwerenso mawa. Zikanyowa, muyesenso. Musataye mtima, abale anga.