Galu wa Mlonda ndi Nsapato za Eni

Kwa zaka makumi atatu ndi zinayi, a Nsapato akhala akusoka nsapato m'chipinda chakumaso cha nyumba yawo, pafupi ndi zenera. Dzinalo anawapatsa ndi anthu a mumsewumo, ndipo iwo sanalikane. Si mmisiri wodabwitsa, koma chidendene akachikhoma sichichoka msanga. Nsapato zongobwera ankaziunjika pansi kuseri kwa chitseko, zosokedwa n'kuzindandalika pazenera. Akayang'ana kunsi kwa nsapato amadziwa ngati mwini wake amakoka mwendo kapena amayenda mwaliwiro.

Mng'ono wawo, amene anali mlonda panyumba yosungiramo katundu, anamwalira atadwala milungu itatu. Sanasiye mkazi kapena mwana. Anasiya chijasi, tochi ndi galu wamphongo wofiirira, wa khutu limodzi logwa. Kuchipatala mawu ake omaliza omveka anali akuti, "Achimwene, galu uja musamusiye pamsewu." A Nsapato anavomera ndi mutu. Chijasicho anachipinda n'kuchitsekera m'sutikesi, osafuna kuti wina achikhudze.

Tsiku loyamba galuyo ananunkhiza nyumba yonse, nafika pamulu wa nsapato kuseri kwa chitseko, nakweza mwendo. Anali timadontho chabe. Mawa lake anabwereza. A Nsapato ankamugwira pakhosi, kumukhudzitsa mphuno pamalopo ndi kumukalipira. Galu ankapinda mchira n'kukabisala pansi pa benchi, koma kukacha zinali zomwezo. Akazi awo anakolopa ndi sopo mpaka manja kutuwa, fungo osatha.

Mlungu wachiwiri galu ananyowetsa nsapato zakuda za aphunzitsi ena, amene ankasoketsa pamenepo kuyambira kale. Aphunzitsiwo sanakalipe. Anazikulunga m'nyuzipepala n'kunena kuti, "Zinazo ndikasoketsa kwina, bambo."

Aphunzitsiwo atatuluka, akazi awo a Nsapato anaima pakhomo ndi chokolopera m'manja.

"Mwana wa mng'ono wanuyu watithamangitsira anthu," anatero. "Maliro ndinalira nawo, koma alamu sanandiuze kuti andisiyira ntchito yokolopa. Likafika Loweruka asanasinthe, mumupezere kwina."

"Kwina kuti, mayi?"

"Mukudziwa ndinu amene munavomera."

A Nsapato ankadziwa kuti galu wamkulu wokodza m'nyumba alibe womufuna, ndipo kwina kwake kunali pamsewu pomwepo.

M'mawa mwake sanagwire singano. Anamangirira chingwe cha galu palamba wawo n'kukhala pabenchi, maso pa iye. Kunabwera bambo wogulitsa nyama kudzasiya majombo ake ong'ambika. Galu anadzuka ubweya wapamsana utaima, ananunkhiza jombo kwa nthawi yaitali, kenako anayamba kutembenuka kuti akweze mwendo. A Nsapato anakoka chingwe n'kutuluka naye. Pobwerera anaona kuti nsapato zosokedwa, zopakidwa polishi, galuyo analibe nazo ntchito. Apo m'pamene anazindikira kuti nsapato iliyonse imalowa ndi fungo la agalu a kumene yachokera. Kwa galuyo, agalu achilendo ankalowa m'nyumbamo tsiku ndi tsiku, ndipo iye, wokulira paulonda, ankawayankha.

"Zaka zonsezi ndimawerenga nsapato ndi maso," anauza akazi awo. "Mnzathuyu amawerenga ndi mphuno. Ndakhala ndikumulangira ntchito imene anamuphunzitsa malemu."

"Ndiye ntchitoyo azikagwirira panja," anayankha akazi awo.

Tsiku lomwelo anakhoma shelefu pamwamba pomwe galu sangafike. Nsapato zobwera anayamba kuzitsuka kunsi ali pakhonde, asanalowe nazo. Kuseri kwa chitseko anatsukako ndi viniga, n'kuikako mbale ya galu, poti galu sakonda kuipitsa pamene amadyera ndi kugona. Chinatsala ndi choyala. Anaima nthawi yaitali sutikesi ili yotsegula, kenako anatulutsa chijasi chija n'kuchiyala pansi. Galu analowetsa mphuno m'kolala, analira pang'ono chapansipansi, anazungulira kawiri n'kugonapo.

Kuyambira pamenepo ankatuluka naye m'mawa, masana ndi madzulo mpaka pamtengo wa magetsi wapangodya. Akakweza mwendo kumeneko, a Nsapato ankangoti, "Eya, pamenepo." Lachinayi galu analakwitsa kamodzi pamwendo wa benchi. Anapukuta okha osakweza mawu, ndipo akazi awo atalowa anawauza, osabisa.

Loweruka m'mawa akazi awo anasesa chipindacho. Atafika kuseri kwa chitseko anawerama n'kununkhiza pansi, galu akuwayang'ana ali pachijasi. A Nsapato anapitiriza kukoka ulusi ngati sakuona. Mayiwo anaweramuka, anatola mbale ija n'kuiyang'ana.

"Mbale ya mwana wanuyu ndi yaing'ono," anatero. "Ndimupatsa ija yobenthuka."

Aphunzitsi aja sanabwerenso. Galu akadali pomwepo, ndipo chijasi chayamba kuperepeseka m'mapewa.