Chingwe cha m'chiuno mwa wothamanga

Pa wailesi analengeza kuti anamwalira atadwala kwa kanthawi kochepa. Mawu amenewa ndimawadziwa bwino, chifukwa inenso ndinkawalemba pamene ndinali mtolankhani wa zamasewero. Timawalemba tikafuna kuti anthu asafunse zambiri. Koma mkulu ameneyu sanadwale. Anamenyedwa ndi mipini ya makasu m'munda wa chinangwa ku Chikweo, dzuwa litangotuluka, anthu akumunena kuti waba mbuzi. Ine ndinalipo.

Ndiyambe ndi zimene zimalembedwa munthu wotere akamwalira. Anali wothamanga mitunda italiitali. Pa unyamata wake anaimirira dziko lino kunja kangapo, atavala malaya a mbendera yathu. Atasiya mipikisano anagwira ntchito ku njanji, ndipo atapuma anakhazikika ku Balaka, kumene nyumba zathu zinayandikana. Mkazi wake anamwalira kalekale. Anali ndi mwana mmodzi, wamkazi, mphunzitsi wa pulayimale.

Mutu unali utayera mbuu, koma kuthamanga sanasiye. M'mawa uliwonse ankavala kabudula ndi nsapato zakutha zidendene, n'kumanga chingwe m'chiuno. Chinali chingwe chodumpha pochita masewero olimbitsa thupi, chokhala ndi zogwirira zamtengo, ndipo anabwera nacho kuchokera ku umodzi mwa maulendo ake akunja. Zogwirirazo ankazipisa m'kabudula kuti zisamamumenye ntchafu. Akafika potembenukira, ankachimasula, n'kudumpha mpaka thukuta kamukamu, kenako n'kubwerera.

Njira yake inkadutsa pamene akabaza amadikirira anthu ndi njinga zawo pafupi ndi msika. Amenewa ndiwo anayambitsa nthabwala ija.

"Wakuba uyo! Gwirani!" ankakuwa mmodzi.

"Madala, mwaba chani lero?"

"Ndaba unyamata wanu," ankayankha iye osaima. "Bwerani mudzaulande!"

Awiri atatu ankakwera njinga n'kumuthamangitsa uku akuliza mabelu, amayi a tomato akuseka. Iye ankakweza dzanja lamanja m'mwamba n'kuwonjezera liwiro. Sankacheuka. Anandiuza kuti amene ankamuphunzitsa kuthamanga anamuletseratu kucheuka, ndipo thupi linazolowera: akamva phokoso kumbuyo, miyendo inkadziwa yokha chochita. Anthu a ku Balaka anazolowera nawonso. Kwa iwo, nkhalamba yothamanga ndi chingwe m'chiuno inali ngati sitima yodutsa.

Mwana wake atamutumiza kukaphunzitsa pa sukulu ina ku Chikweo, bamboyo anafuna kukaona kumene akukhala. Kumeneko ndi kwathu. Ndili ndi munda wa thonje umene amasamalira mlongo wanga, choncho tinagwirizana zopitira limodzi. Inali nyengo yozizira, anthu atakolola. Tinakwera minibasi mpaka ku Liwonde, ina mpaka ku Ntaja, kenako njinga zamoto m'msewu wa fumbi. Iye anatsikira ku nyumba za aphunzitsi, ine ndinapitirira kwa mlongo wanga.

Madzulo amenewo mlongo wanga anandifotokozera za mbuzi. Zinali zikusowa khola ndi khola. Akuba ankazimanga zingwe n'kuzikokera kumsewu, kumene ankazikweza pa njinga zamoto. Amuna a m'midzi yoyandikana anapangana kuti aliyense azisunga wezulo, ndipo akamva wezulo kapena mfuu, azituluka ndi chilichonse chimene chili m'manja mwake. Nkhaniyi inakambidwa pakhonde la mlongo wanga. Ku nyumba za aphunzitsi siinakambidwe.

M'mawa mwake ndinabwereka njinga ya mlamu wanga kuti ndikaone thonje. Ndili m'njira ndinamva wezulo, kenako wina, kenako mfuu ya amayi. Ndinamva pambuyo pake mmene zinayambira: mkulu wina anapeza khola lake lili pululu, ndipo nthawi yomweyo mayi wina wopita kumjigo anaona munthu wachilendo akuthamanga ali ndi chingwe m'chiuno. Kwathu munthu wamkulu sathamanga wamba. Amathamanga ngati akuthamangitsidwa, kapena ngati kwagwa zovuta.

Ndinamuonera patali, m'kanjira ka m'mphepete mwa dambo. Kathamangidwe kake sikanali kosokonekera: msana chilili, zigongono pafupi ndi nthiti. Kumbuyo kwake kunali anyamata ndi zibonga, akukuwa kuti wakuba, ena m'Chichewa, ena m'Chiyao. Ndipo ndinaona dzanja lamanja likukwera m'mwamba, liwiro n'kuwonjezeka.

Ndinapalasa njinga ndikukuwa kuti aime. Mawu anga anangolowa m'phokoso lomwelo.

Anyamata aja sanamupeze. Zimenezi ndinaziona ndi maso: mpata pakati pa iye ndi iwo unkakulirakulira. Koma wezulo amathamanga kuposa munthu. Kutsogolo, amuna amene anali m'minda anali atamva kale, ndipo anatulukira m'chinangwa n'kutseka njira. Woyamba anazunguza khasu n'kumumenya ndi mpini pamsongolo. Ndinamva fupa likuthyoka ndili kutali ndithu. Anagwa chafufumimba, nkhope m'fumbi.

Pamene ndimafika anali atamuzungulira. Wina anamuponda pakhosi. Wina ankamenya nthiti ndi chibonga, mosafulumira, ngati akuomba mapira. Mayi wina ankamukwapula kumaso ndi nthambi ya chinangwa.

"Mbuzi zili kuti?"

"Iyayi, ana anga," anatero iye, magazi akutuluka m'kamwa. "Ine ndine mlendo wa aphunzitsi."

"Mlendo amathamanga? Umathawa chani?"

Mnyamata wina anakoka chingwe chija m'chiuno mwake n'kuchikweza m'mwamba kuti onse aone.

"Ichi! Chomangira mbuzi ichi!"

Zogwirira zamtengo zinkalendewera poyera, koma palibe amene anaziyang'ana. Mfuu inakwera, mipini n'kutsika pamodzi. Wina anamumenya ndi njerwa pamwamba pa khutu. Iye anaphimba mutu ndi manja, ndipo anamuthyola zala.

Ndinataya njinga n'kudzipanikiza pakati pawo.

"Siyani! Awa ndi bambo awo a aphunzitsi! Munthu ameneyu anathamangirapo dziko lino kunja!"

"Eyatu," anayankha bambo wina wa chipewa cha mlaza. "Akuba amatuma othamanga omwewo."

"Inunso a m'tauni mwabwera naye limodzi eti?" anatero wina.

Chibonga chinandipeza pakamwa. Ndinakhala pansi, ndikulavula dzino m'dzanja. Ndinapulumuka chifukwa mayi wina anandizindikira n'kukuwa kuti ndine mwana wa m'mudzi momwemo, anditaye. Ananditayadi, n'kubwerera kwa mkulu uja. Ambiri mwa anthu amenewa ndinkawadziwa. Ena ndinabatizidwa nawo tchalitchi chimodzi. Mmodzi ndi msuweni wanga.

Kenako wina anaitanitsa petulo ndi tayala. Mnyamata wina anauyamba wa kumsewu kukatenga.

Mnyamatayo asanabwere, anafika mwana wa mkuluyo, mphunzitsi uja. Anali atamva mfuu ali pakhomo, n'kuona kuti bambo ake sanabwerere. Anabwera akuthamanga wopanda nsapato, anakankha amuna awiri, n'kudzigwetsa pamwamba pa bambo ake.

"Ababa! Ababa!"

Mpini umodzi unali utatsika kale ndipo unamupeza pamsana. Amene anamenyayo anabwerera m'mbuyo. Anthu anamudziwa kuti ndi mphunzitsi wa ana awo. Phokoso linazilala. Ndinaona anthu akuyang'anana, kenako mmodzimmodzi akulowa m'chinangwa, makasu ali paphewa ngati akupita kukalima. Tinatsala atatu, ndi akatekisiti amene anafika akupuma wefuwefu. Ndinatola chingwe chija pansi n'kuchiika m'thumba la jekete.

Tinamunyamulira pachitseko mpaka kuchipatala chaching'ono cha m'deralo. Kumeneko anati zimenezi n'zofunika chipatala chachikulu. M'galimoto anatsegula diso limodzi, linalo linali litatupa n'kutsekeka.

"Achimwene," anandiitana, "ndimayesa akusewera."

"Musayankhule, akulu."

"Koma sanandipeze, eti?"

"Sanakupezeni. Anakudulirani kutsogolo."

Kenako anayang'ana mwana wake.

"Mama, ukawauze kuti sindinabe kanthu."

Anamwalira tisanafike ku Liwonde.

Maliro anachitikira ku Balaka. Uthenga wa pa wailesi uja anakapereka ndi mkulu wake wa malemuyo. Nditamufunsa chifukwa chake anatchula matenda, anandiyang'ana pakamwa panga potupa.

"Mukufuna dziko lonse limve kuti m'bale wanga anafa imfa ya wakuba?"

Akabaza anabwera onse, njinga zawo zitandandalika kunja kwa mpanda. Amene ankayambitsa mfuu ija m'mawa uliwonse analira ngati mwana. Titachoka kumanda anayamba kupangana zopeza lole kuti akawotche mudzi wonse. Ena anali atatenga kale zikwanje. Mwana wa malemuyo anatuluka m'nyumba ya siwa n'kuima pakati pawo.

"Achimwene anga, mukakawotcha, anthu aja adzati anzake akuba abwera kudzalipsira. Ndiye kuti mwawapha kachiwiri ababa."

Lole siinapite.

Apolisi anamanga amuna angapo, ndipo mlandu wawo sunathebe. Koma mbuzi zija sizinapezeke, ndipo zimenezi zinasunga nkhaniyo yamoyo. Mlongo wanga ankandiimbira foni kundiuza zimene zinkanenedwa kumjigo: kuti mwina aphunzitsi sankadziwa zochita za bambo awo, kuti munthu wosalakwa akanaima, kuti nanga chingwe chija. Mphunzitsiyo atabwerera ku ntchito anapeza ana ena akunong'onezana kuti ndi mwana wa wakuba. Anzake anamulangiza kuti apemphe kusamutsidwa. Anakana. Anati sachoka asanapereke uthenga wa bambo ake.

Tinapempha akatekisiti kuti atipatse mpata Lamulungu lina, mapemphero akatha, nthawi ya zolengeza. Tchalitchi chake n'chaching'ono, cha njerwa zootcha, ndipo tsiku limenelo chinadzaza mpaka m'mawindo. Ndinaimirira n'kufotokoza mbiri ya malemuyo monga ndinaphunzirira ntchito: anali ndani, anachita chiyani, anafera kuti, anafa bwanji. Sindinatchule matenda. Ndinayendetsa chithunzi chake cha pa unyamata, ali ndi mbendera pachifuwa. Chinadutsa m'manja ambiri. Ena amene anagwira mipini tsiku lija anachigwiranso, n'kupatsira mnzawo mwamsanga.

Kumbuyo kunaimirira mkulu amene anaberedwa mbuzi uja. Iye sanamenye nawo, miyendo yake siyenda bwino. Koma mwana wake wamwamuna anali m'gulu la omangidwa.

"Chithunzi taona, bambo," anatero. "Zoti anapita kunja sitikukana. Koma tiuzeni za chingwe. Munthu wamkulu woyenda ndi chingwe m'mamawa amafuna chani?"

Sanafunse mwachipongwe. Ankafunadi kudziwa, ndipo tchalitchi chonse chinkafuna kudziwa. Ndinatulutsa chingwe m'thumba n'kuyamba kufotokoza za zogwirira, koma mphunzitsi uja anachilanda m'manja mwanga n'kutuluka panja. Anthu anamutsatira.

Anavula nsapato. Anamangitsa chitenje chake chakuda n'kuchikwinya pang'ono. Anagwira zogwirira zija, chimodzi chikadali ndi banga la magazi, n'kuyamba kudumpha. Chingwe chinkamenya pansi, fumbi likukwera. Ankadumpha ngati bambo ake, zigongono pafupi ndi nthiti, maso kutsogolo.

Amayi ndiwo anayamba kuzindikira, pakuti onse anadumphapo chingwe ali atsikana.

"Mayo ine," anatero wina, dzanja lili pakamwa. "N'chosewerera."

Mayi amene anayamba kuona malemuyo popita kumjigo uja anakhala pansi pafumbi n'kufunda chitenje kumutu. Msuweni wanga uja anazemba n'kulowera kuseri kwa tchalitchi. Mphunzitsiyo sanaleke. Thukuta linanyowetsa bulauzi, mpweya unayamba kumuthera, chingwe chinamukola mwendo, anadzandira, n'kuyambiranso.

"Aphunzitsi, basi," anatero akatekisiti.

Sanaleke.

Mkulu wa mbuzi uja anayenda ndi ndodo yake mpaka pafupi, moti chingwe chinkatsala pang'ono kumukhudza. Anavula chipewa.

"Mayi, tamva. Bambo anu sanali wakuba."

"Kwezani mawu," anatero iye akudumphabe. "A kumbuyoko sanamve."

Mkuluyo anatembenukira kwa anthu n'kubwereza mokweza. Apo m'pamene mphunzitsiyo analeka. Anapinda chingwe, anavala nsapato zake, n'kuuyamba wa ku nyumba za aphunzitsi, anthu akumupatukira.

Akuphunzitsabe pa sukulu yomweyo. Ine dzino lija sindinaikitse lina. Ku Balaka akabaza akadali pamalo pawo pafupi ndi msika, ndipo masiku ano pali mtsikana wina amene amathamanga m'mawa kudutsa pomwepo. Amamusunthira njinga kuti adutse bwino, koma palibe amene amamukuwira kanthu.