Khosi la njinga ya bambo

Bambo anamwalira mu 1996 njinga yawo yamoto ili yomasula kutsogolo. Inali njinga yakalekale, yomwe ankayendera m'madibi a ng'ombe akugwira ntchito ku Mikolongwe, ndipo atapuma ntchito anaigula kukhala yawoyawo. Matenda anawagwira atangochotsa foloko, zitsulo ziwiri zija zogwira tayala la kutsogolo, kuti akonze khosi lomwe linkagwedera. Tizitsulo tonse anatisunga m'chitini cha mkaka.

Titangometa maliro, bambo aang'ono, mng'ono wawo wa bambo, anafika ndi ngolo. Anati katundu wa mwamuna ndi wa kwawo kwa mwamuna, ife ana tili ndi kwathu kuchikazi. Anakweza bedi, wailesi, njinga ndi chitini chomwe. Amayi anagwira ngoloyo akulira, iwo n'kuwachotsa dzanja ngati akuchotsa chisoso pa malaya. Ine ndinali mwamuna wamkulu kale, makaniko pa galaja ina ku Limbe, koma ndinangoima kukamwa kuli yasa. Mpaka lero ndikakumbukira ndimapsa mtima.

Njingayo anakaipereka kwa wokonza njinga zakapalasa pa Mbombwe kuti aimange. Inalira ndithu, ndipo bambo aang'ono anagula magalasi akuda. Sabata yoyamba inawaponya m'munda wa nandolo. Yachiwiri inawagwetsera mumtsinje. Kachitatu, pokhota pafupi ndi manda omwe tinaika bambo, chiwongolero chinakana kutembenuka, njinga n'kulunjika nawo kumitengo ya kumandako. Anasiya mano awiri pamenepo. Mudzi wonse unagwirizana chimodzi: mwiniwake akuifuna njinga yake.

Anandiitanitsa. Ndinakhazika njingayo pa njerwa kuti tayala la kutsogolo lilendewere, n'kugwedeza chiwongolero uku ndi uku. Chinkakakamira pakati, kenako n'kudumpha. Ndinadziwa pomwepo kuti vuto lili m'khosi, pa timipira tachitsulo tomwe foloko imazungulirapo, ndiponso kuti inali ntchito ya masana amodzi.

"Waona chiyani, mwanawe?" anafunsa bambo aang'ono. "Paja iwe ndiwe makaniko."

"Palibe chilichonse, bambo," ndinatero. "Zitsulo zonse zili m'malo mwake."

Nkhope yawo inagwa, ine mtima unazizira bwino. Njingayo anaitsekera m'khola la mbuzi, ndipo inakhala mmenemo zaka zisanu. Mbuzi ikafa, ankati ndi achimwene. Mwendo ukatupa, ndi achimwene. Mu 2001 anatopa, n'kubwera nayo kwathu.

"Alamu, katundu wanu nayu," anauza amayi. "Muwauze achimwene andileke."

"Nanga bedi?" anatero amayi.

Bedi linafika mawa lake.

Njingayo ndinaikonzera pansi pa mtengo wa mango kuseli kwa nyumba, Loweruka lililonse ndikabwera kuchokera ku Limbe. Inkanunkha mbuzi. Nditamasula khosi ndinapeza zomwe ndinkayembekeza. Timipira tina tinali titatayika m'chitini muja, ndiye wokonza uja anangowonjezera ta njinga yakapalasa, tocheperapo, n'kudzaza thothotho, kenako n'kumanga nati ndi hamala. Timipira tinakumba maenje m'makapu momwe timakhala. Mzimu wonse womwe unasautsa munthu zaka zisanu unakwana m'dzanja langa limodzi.

Ndinagogoda makapu akalewo mpaka anatuluka, n'kulowetsa ena omwe ndinawapeza kwa ogulitsa zitsulo zakale. Ndinapaka girizi wambiri kuti timipira timatirire, n'kumaika kamodzikamodzi, tonse tofanana, ndipo ndinasiya malo a kamodzi opanda kanthu. Timipira timafuna mpata woti tiyende, zomwe wa njinga zakapalasa uja sanazidziwe kapena sanazilabadire. Zitsulo za foloko ndinazitsuka ndi parafini n'kuzigubuduza pa galasi la zenera kuti ndione ngati zinapindika. Chimodzi chinali chitapindika pang'ono, mphatso ya mtengo wa kumanda, ndipo ndinakachiwongola ku galaja. Ndinathira oyilo, n'kulowetsa foloko m'khosi pang'onopang'ono kuti timipira tisagwe. Nati ndinaimanga ndi dzanja, kenako pang'ono ndi sipanala, mpaka chiwongolero chinayamba kugwera chokha kumbali ukangochikhudza ndi chala.

Amayi anandipeza ndikuseka ndekha, ndiye ndinawaonetsa timipira tija n'kuwauza zonse. Anaseka mpaka misozi, koma atapukuta m'maso anasintha.

"Ukawauze bambo ako aang'ono," anatero. "Katundu wabwera. Zatha."

Kwa ine zinali zisanathe. Lamulungu lotsatira ndinakweza amayi kumbuyo, n'kudzera dala njira yaitali ya kwa bambo aang'ono. Pokhota pa manda paja ndinachotsa dzanja limodzi n'kuwabayibitsa anthu opita kutchalitchi. Njinga inakhota mofewa. Bambo aang'ono anali pakhonde, ndipo anavula chipewa. Sankavulira ife.

Patapita zaka zitatu anadwala kwambiri, n'kutumiza uthenga kuti ndipite. Ndinawapeza pa mphasa, ataonda, mawu akutuluka movutikira. Anandigwira mkono.

"Iwe njinga ija imakulola," anatero. "Ndiye kuti achimwene amakumvera. Tandiuza, kodi anandikhululukira? Ndikuopa kukakumana nawo."

Zoona zake zinali pafupi, mawu ochepa chabe: sanali bambo, tinali timipira. Akanafa ndi mtendere. Ndinayang'ana dzanja lomwe linandigwiralo, ndipo sindinamve chisoni ngakhale pang'ono.

"Sindikudziwa, bambo," ndinatero. "Mukawafunse nokha."

Anamwalira Lachinayi lake. Ndinathandiza kukumba manda, pafupi penipeni ndi a mkulu wawo.