Masupuni Awiri a Mafuta a Nsatsi

Fungo la magwafa owolera pansi pa mtengo limandibweza ku chaka chimene ndinali mu Sitandade 2. Mvula inali itangosiya, ndipo mitengo ya kuseri kwa mudzi wathu ku Golomoti inabereka mpaka nthambi kukhudza pansi. Ine ndinkadya osasankha, akupsa ndi aawisi omwe, njere osalavula.

Kenaka m'mimba munatseka. Masiku anayi sindinapite kuchimbudzi, ndipo sindinauze munthu. Mwana wamwamuna sankanena zotere. Mimba inauma gwa ngati ng'oma, chakudya ndinkangochiyang'ana. Amayi anazindikira atandiona ndikuyenda chowerama. Anandiviikira bwemba m'madzi, koma sizinathandize. Ndinawamva akuuza bambo motsitsa mawu kuti likadutsa tsiku lina, basi ndi kuchipatala ku Mua. Anzanga ankati kumeneko mimba yotere amachita kuing'amba.

Bambo anga sanali munthu wonyengerera mwana. Anakwera njinga m'mamawa, nabwerako ndi kabotolo ka mafuta a nsatsi kochokera m'sitolo ku Mtakataka. Mafutawo anali olenda ngati therere, onunkha ngati chiguduli chonyowa. Atandibweretsera supuni yodzaza pakamwa, ndinaluma mano. Amayi anandigwira mphuno, ine ndinaphupha, mafuta n'kutayikira pachifuwa. Ndinadikira mkwapulo.

Bambo anatola supuni ija, naidzaza, namwa iwo. Nkhope yawo sinasinthe.

"Inenso m'mimba mwandimanga," anatero, akudzazanso. "Tsopano iwe."

Ndinamwa.

Dzuwa litapendeka zinayamba. Chimbudzi chinali chimodzi, ndiye bambo anandisiyira ine, iwo n'kumathamangira kutchire kuseri kwa munda wa thonje. Tikakumana pabwalo sitinkayang'anana. Chakumadzulo tinagona pamphasa imodzi mumthunzi wa nkhokwe, tonse ofooka, amayi akutimwetsa phala lamadzimadzi uku akubisa kuseka ndi chitenje. Dzanja la bambo linali pamimba panga, lolemera, lokhakhala ndi khasu, likupapasa kuti limve ngati mwafewa. Sanalichotse mpaka nkhuku zinalowa.

Kwa zaka zambiri ndinkakhulupirira kuti matendawo anatigwira tonse awiri. Ndinkangodabwa kuti bambo magwafawo anadya liti, poti sindinawaonepo pansi pa mtengo. Ndinadzamvetsa tsiku limene ndinaima ndi supuni m'manja pamaso pa mwana wanga woyamba, iye akupukusa mutu, ine m'mimba muli bwinobwino.